Tinkhuku ta Sebright ndi Magazi a Pachibale

Pamene ndilingalira za Sir John Sebright, Mngelezi uja amene kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 anaumba mtundu wa tinkhuku ta nthenga zonga golide kapena siliva, nthenga iliyonse yozingidwa ndi mpendero wakuda, ndiona kuti luso lotere ligona pa kubwezera tambala wosankhika kwa ana ake ndi adzukulu ake omwe, kufikira maonekedwewo atakhazikika m'magazi. Chibale n'fupa, sichiwola. Koma chimene chikhazikitsa kukongola chikhazikitsanso chilema, pakuti zobisika za kholo limodzi zikomana kawiri mwa mwanapiye mmodzi. Sindidabwa tsono kuti mazira a tinkhukuti saswa bwino kufikira lero, ndi kuti oweta ochenjera asunga mabanja angapo m'makola osiyana, nasinthanitsa atambala pakati pao.