Ukwati wa m'masika m'minda ya tiyi

Anthu akandifunsa mwezi wabwino wochitira ukwati m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndimati Meyi. Mvula imakhala italekeza, misewu ya katondo yauma, koma tiyi akadali wobiriwira. Mukachedwa mpaka Juni kapena Julayi, chiperoni chidzakupezani: nkhungu, mvula yowaza, agogo akunjenjemera pampando. Ngakhale m'Meyi momwemo, tenti ndi tiyi wotentha zisasowe.

Malo ngati Satemwa, esiteti yomwe idayamba mu 1923, safuna maluwa apulasitiki. Ine ndimakonda madengu othyolera tiyi atadzaza nthochi, mbiya zoikamo maluwa akutchire, ndi chitenje patebulo. Musanakhome chikhomo ngakhale chimodzi, kambiranani ndi eni esiteti, ndipo ana muwauze asamathamange m'mizere. Tiyi ameneyo ndiye amadyetsa mabanja a othyola.