Mtengo wa Tsiku la Mlimi

Mlimi wa ku Mponela kapena wa m'mapiri a ku Ntchisi sadabwa nawonso anthu a kafukufuku. Kale ankabwera pa galimoto, mapepala ali m'manja, n'kumukhazika pansi pa mtengo m'maŵa wonse, khasu lili gone kumunda. Masiku ano mafunso ena amam'peza pa foni kapena pa intaneti, monga zinachitikira mu chaka cha 2020, pamene ofesi ya kalembera ya ku Zomba ndi World Bank ankafunsa mabanja za Covid-19 pa lamya. Koma nthaŵi ya mlimiyo imatha chimodzimodzi.

Nanga ailipire ndani? Mu 2017 komiti ya National Health Sciences Research Committee, imene imaunika kafukufuku wa zaumoyo asanayambe, inalamula kuti wotenga nawo mbali azilandira ndalama zolingana ndi madola 10 a ku America pa ulendo uliwonse. Akatswiri ena anadandaula kuti ndalama zochuluka chotere zingakope osauka kuvomera zimene sanazimvetse. Dandauloli n'lomveka: mu February, nkhokwe zitagona, ndani angakane kutengedwa magazi? Komabe wofunsayo amalandira malipiro ndi alawansi, ndipo palibe amene amati ndalamazo zam'sokoneza mutu.

Tsono lamulolo linanena za ulendo. Mayi woyankha pa foni sapita kuchipatala, komatu amalipira potchaja foniyo pamsika wa Madisi, n'kukwera chitunda kukafuna netiweki, mtedza wake ukudikira kupalira.