Phunziro 4: Makompyuta ambiri, ntchito imodzi

Aphunzitsi, tiyerekeze kuti mwapatsidwa mapepala a mayeso 600 oti muchonge pofika Lachisanu. Panokha simungathe. Ndiye mukuitana anzanu asanu, aliyense atenge 100, pomaliza mmodzi asonkhanitse malikisi. Makompyuta olumikizidwa pa netiweki amagawananso ntchito motero. Imodzi imakhala ngati kapitawo, kugawa ntchito ndi kulandira mayankho, pomwe enawo amangowerengetsera zomwe apatsidwa.

M'chaka cha 1994, Thomas Sterling ndi Donald Becker a ku bungwe la NASA ku America adalumikiza makompyuta wamba 16 ndi mawaya a Ethernet, ndipo gululo adalitcha Beowulf. Adagwiritsa ntchito Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomwe Linus Torvalds adayamba kulemba mu 1991 ku Finland. Linux ndi yaulere, inde, koma chachikulu si mtengo ayi. Malamulo ake ndi osabisika, moti munthu angathe kuwawerenga ndi kuwasintha. Becker adalemba yekha mapulogalamu oyendetsa makadi a netiweki, osadikira chilolezo cha kampani iliyonse. Pofika November 2017, makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri pa mndandanda wa TOP500 ankayendera Linux.

Apa tsopano mvetsetsani, chifukwa ndi pomwe ophunzira ambiri amasokonezeka. Makompyuta khumi sathamanga kakhumi. Tinene kuti ntchito imatenga mphindi 100, ndipo mwa izo mphindi 10 ndi zosagawika, monga kusonkhanitsa malikisi kuja. Mukagawa mphindi 90 zotsalazo kwa makompyuta 9, ntchito itha m'mphindi 20. Onjezerani afike 90: mphindi 11. Mwagula makompyuta ena 81 kuti mupulumutse mphindi 9 basi! Ngakhale mutabweretsa chikwi, simungatsike pansi pa mphindi 10. Gene Amdahl adafotokoza zimenezi mu 1967. Komanso nthawi ina imathera potumizirana mauthenga pa waya, ndipo kompyuta imodzi ikachedwa, anzake onse amaidikira.

Ntchito 4.1

Gawani ophunzira anu m'magulu anayi. Lembani manambala 40 pa bolodi, gulu lililonse liwonkhetse 10, kenaka mwana mmodzi aphatikize mayankho anayiwo. Yesani nthawi ndi wotchi. Bwerezani ndi manambala ena komanso magulu asanu ndi atatu. Kodi nthawi yatsika ndi theka? Lembani zomwe mwaona ndi chifukwa chake, mutumize pamodzi ndi ntchito ya mwezi uno.