Nyumba ya Magalasi Imene Anthu a ku Liverpool Anakana Kuitaya

Mwezi wa Januwale ndi wozunza mumzinda wa Liverpool, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la England. Dzuwa limatuluka mochedwa nkukalowa nthawi isanakwane 5 koloko, mitengo imakhala itayoyola masamba, ndipo mphepo yochokera kumtsinje wa Mersey imabaya mpaka m'mafupa. Koma m'kati mwa munda waukulu wopumuliramo anthu wotchedwa Sefton Park muli nyumba imodzi imene chisanu chimathera pakhomo pake. Makoma ake ndi denga lake ndi zagalasi zokhazokha, ndipo munthu akangolowa amalandiridwa ndi mpweya wofunda, fungo la dothi lonyowa, ndiponso akanjedza obiriwira amene kwawo kwenikweni ndi kumaiko otentha. Eni mzindawo amaitcha Palm House, ndiye kuti nyumba ya akanjedza. Polowa salipiritsa.

Pagona nkhani ndi pamau otsirizawo. Nyumba yotere imadya ndalama usana ndi usiku, pakuti iyenera kufunditsidwa, kutsukidwa ndi kupakidwa utoto kosalekeza. Mwini wake ndi khonsolo ya mzinda, koma amene amaiyendetsa tsiku ndi tsiku ndi bungwe lachifundo lotchedwa Sefton Park Palm House Preservation Trust, lomwe linaphuka pakati pa anthu wamba panthawi imene nyumbayo inatsala pang'ono kusanduka bwinja.

M'zaka za m'ma 1800 Liverpool linali doko lolemera zedi, koma anthu ogwira ntchito ankakhala mothinana m'timisewu todzaza utsi ndi matenda. Pofuna kuwapatsa popumira mpweya wabwino, khonsolo inagula malo kwa Earl of Sefton mu 1867, ndipo munda wa Sefton Park unatsegulidwa mu 1872 utajambulidwa ndi katswiri wa ku France, Édouard André, mothandizana ndi Lewis Hornblower wa mumzinda momwemo. Inali nthawi imene dziko la Britain linatengeka mtima ndi nyumba za magalasi. Msonkho wa galasi unali utachotsedwa mu 1845, mafakitale anali ataphunzira kuumba zitsulo zazitali pamtengo wotsika, ndipo aliyense anali atamva za nyumba ya akanjedza ya ku Kew, imene inatha kumangidwa mu 1848, ndi za Crystal Palace ya mu 1851. Mzinda uliwonse wodzilemekeza unkafuna yakeyake.

Ya ku Liverpool inafika mu 1896 monga mphatso. Mkulu wina wachuma wobadwira komweko, Henry Yates Thompson, amene kale anali mwini nyuzipepala ya Pall Mall Gazette ku London, anapereka mapaundi 10,000. Ntchito anapatsidwa a kampani ya Mackenzie and Moncur ya ku Edinburgh, akadaulo omanga nyumba zofunditsa mbewu. Iwo anaimika nyumba ya mbali zisanu ndi zitatu pamaziko a mwala wofiira, denga lake lobulungira losanjikana katatu, kutalika kwake pafupifupi mamita 25, ndi magalasi oposa 3,700. Wonyamula katundu kudoko, amene moyo wake wonse ankasenza mabelo a thonje ndi matumba a shuga osadziwa mmene zomera za kumaiko akutaliwo zimaonekera, tsopano akanatha kubwera ndi ana ake Lamulungu kudzaona zomera za kumeneko zili zamoyo.

Nyumba zamtunduwu sizinali zokometsera maso zokha. Zinali ngati zigono za mbewu zimene Angerezi ankazichotsa dziko lina kupita nazo ku lina, ndipo Malawi ali ndi gawo lake pambiri imeneyi: mu 1878 Jonathan Duncan ananyamula timitengo ta khofi kuchokera kumunda wa zomera wa ku Edinburgh kudza nato kumishoni ya Blantyre, ndipo kamodzi kokha kamene kanapulumuka ndiko kanakhala kholo la khofi woyamba wa kumapiri a Shire.

Mbiri ya chuma chimene chinamanga Palm House yalembedwa poyera pakhoma pake kwa wodziwa kuwerenga. Pangodya zisanu ndi zitatu za nyumbayo pali ziboliboli zosemedwa ndi Léon-Joseph Chavalliaud. Anayi ndi anthu a zomera ndi zachilengedwe: Carl Linnaeus, Charles Darwin, John Parkinson ndi André Le Nôtre. Anayi enawo ndi a maulendo apanyanja ndi mapu: James Cook, Gerardus Mercator, Henry wa ku Portugal ndi Christopher Columbus. Pansi pa Columbus pali mau onena kuti amene anatulukira America ndiye anapanga Liverpool. Mauwo ndi oona kuposa mmene olembawo anafunira, chifukwa zombo za mumzindawu zinatenga anthu a mu Africa oposa miliyoni imodzi kukawagulitsa ukapolo kutsidya la nyanja malondawo asanaletsedwe mu 1807. Ngakhale agogo ake a Yates Thompson akuchikazi, Joseph Brooks Yates, anali ndi akapolo m'minda ya ku Jamaica, ndipo analandira chipukutamisozi kuboma ukapolo utathetsedwa ndi lamulo la 1833, pamene akapolo eni akewo sanalandire kanthu. Mdzukuluyo anali wa mtima wina, ndipo pankhondo yapachiweniweni ya ku America anali kumbali ya odana ndi ukapolo. Komabe mlendo wochokera ku Africa akaima pansi pa denga lokongolalo sangalakwe kukumbukira thukuta limene linayala maziko a chuma cha mzindawo.

Galasi ndi chinthu cha adani ambiri. Mu 1913, pamene amayi a ku Britain ankamenyera ufulu woponya voti, panyumbayo panapezeka bomba limene mwamwayi silinaphulike. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, akuluakulu anaopa kuti magalasi adzanyezimira ndi mwezi nkulondolera ndege za adani, choncho anawapaka utoto wothimbirira. Sizinathandize. Mu Meyi 1941 ndege za Germany zinaponya mabomba pa Liverpool usiku usanu ndi uwiri motsatizana, ndipo limodzi litagwa pafupi, magalasi anasweka koma mafupa achitsulo anatsala chiimire. Nyumbayo inakhala yopanda chofunda mpaka 1950, pamene inaikidwanso magalasi ndi ndalama zokonzera zowonongeka pankhondo.

Chimene mabomba analephera chinatsala pang'ono kutheka ndi mdani wosamveka phokoso. M'nyumba ya akanjedza mumafunika chinyontho ndi kutentha, ndipo ziwirizi ndizo chakudya cha dzimbiri. Nthunzi imakwera, imakumana ndi galasi lozizira, imasanduka madontho, nkutsetsereka kukabisala m'malo olumikizira zitsulo. Dzimbiri likalowa chitsulo chimatupa, ndipo chikatupa chimakankha galasi mpaka kuling'amba kapena kuligwetsa. Galasi limodzi likachoka, mvula ndi mphepo zapeza khomo, ndipo anzake oyandikana nalo amatsatira. Mankhwala ake ndi osavuta, kupala ndi kupaka utoto nthawi ndi nthawi, koma ndi ntchito imene imayamba kudulidwa thumba likachepa, chifukwa chaka choyamba palibe amene amaona kusiyana.

Ndipo thumba la Liverpool linachepadi. Malonda a Britain anatembenukira kumadoko oyang'ana ku Ulaya, makina ndi mabokosi akuluakulu achitsulo analanda ntchito za onyamula katundu, mafakitale anatsekedwa. Mzinda umene unali ndi anthu oposa 800,000 m'ma 1930 unatsala ndi osakwana 500,000 pofika 1991. Mu 1981 kunabuka zipolowe ku Toxteth, mtunda waufupi kuchokera ku Sefton Park, ndipo m'zaka zotsatira khonsolo inalimbana kwambiri ndi boma la Mayi Margaret Thatcher pankhani ya ndalama. Pamene mabanja akusowa nyumba ndi ntchito, ndani akanaimirira mumsonkhano kupempha utoto wa nyumba ya mitengo? Mu 1984 nyumba zina za magalasi za ku Harthill, m'mene munkasungidwa zomera zamtengo wapatali za mzindawo, zinatsekedwa ndipo pambuyo pake zinagwetsedwa. Palm House nayo inatsekedwa m'zaka zomwezo poopa kuti magalasi angagwere anthu. Inatsala gowelo la nkhunda, ana oponya miyala namalizitsa zimene dzimbiri linayamba.

Khonsolo ya nthawiyo ndi yosavuta kuiimba mlandu, koma mlanduwo suli wonse pa iyo. Wopereka mphatso amalipira kamodzi, dzina lake nkulembedwa pamwala. Wolandira ndiye amalipira chaka ndi chaka mpaka kalekale. Mapaundi 10,000 a 1896 anamanga nyumba, sanagule malasha kapena utoto wa zaka zana zotsatira.

Mu Juni 1992 anthu okhala mozungulira mundawo anaitanitsa msonkhano. Anayambitsa gulu lotchedwa Save the Palm House ndipo anapereka kukhonsolo chikalata cha madandaulo chokhala ndi maina 5,000. Akanalekera pomwepo, mwina chikalatacho chikanangogona m'kabati monga zimachitira zinzake. Koma anachita chinthu china chanzeru. Poona kuti mtengo wokonzera nyumba yonse unali woopsa kumva, anaigawa m'tizigawo toti munthu wamba angathe kusenza: aliyense alipirire galasi limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo njira imeneyi inasonkhanitsa mapaundi oposa 35,000. Gululo linalembetsedwa kukhala bungwe lachifundo, nyumbayo inakonzedwa mwapatalipatali, ndipo mu 1993 makomo anatsegukanso.

Kunena zoona, mapaundi 35,000 anali ngati dontho poyerekeza ndi zimene zinkafunika. Mphamvu yake inali pena. Choyamba, inaimitsa nyumbayo kuti isagwe kapena kugwetsedwa. Chachiwiri, inakhala umboni woti anthu akuifuna, umboni wa m'thumba osati wapakamwa. Chaka cha 1994 dziko la Britain linayambitsa lotale ya dziko lonse, ndipo gawo la ndalama zake linapatulidwa kuti lizisamalira zinthu zakale kudzera ku Heritage Lottery Fund. Pamene anthu a Liverpool ankasonkhana mu 1992 thumba limeneli kunalibe, ndipo sakanadziwa kuti likubwera. Koma litafika linapeza nyumba ili chiimire ndi bungwe lokonzeka kuisamala, pamene za ku Harthill zinali zitapita kale. Ndi thandizo la thumbali ndi la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, ntchito ya mapaundi oposa mamiliyoni awiri inagwiridwa, ndipo Palm House inatsegulidwa yathunthu mu Seputembala 2001.

Kuyambira pamenepo nyumbayo yakhala ndi moyo wosiyana ndi umene omanga ake anaulingalira. Kale anthu ankalowa, kuyenda mozungulira akuyang'ana zomera, nkutuluka. Tsopano pakati pake pali bwalo loikapo mipando. Mumachitika zoimbaimba, magule a masana amene okalamba amavina awiriawiri akumwa tiyi, maphunziro a ana asukulu, ndi misonkhano ya magulu a m'deralo. Gawo lina la ntchito, monga kulandira alendo ndi kuthandiza pazomera, limagwiridwa ndi anthu ongodzipereka osalandira malipiro. Kwa nkhalamba yokhala yokha m'nyumba yozizira, malo ofunda amene angakhalemo ola lathunthu popanda womufunsa kuti wagula chiyani si chinthu chaching'ono, makamaka m'dziko limene mtengo wa gasi ndi magetsi unakwera koopsa mu 2022.

Koma mtengo womwewo umaluma bungwe lomwe, chifukwa akanjedza sadziwa za mitengo ya gasi. Akazizidwa usiku umodzi woipa akhoza kufa. Ndalama zambiri zoyendetsera nyumbayo zimachokera kwa obwereka, ndipo obwereka aakulu ndi a maukwati. Apa ndi pamene pali mfundo yovuta kumasula. Tsiku limene mkwati ndi mkwatibwi alipira kuti amangitse ukwati wawo pansi pa dengalo, khomo limatsekedwa kwa anthu ena onse, kwa maola angapo kapena tsiku lonse. Masiku amene akwati amawakonda, Loweruka la nyengo yofunda, ndi omwenso mabanja amakhala ndi mpata woyenda ndi ana. Tsono zimatheka kuti mayi amene analipirira galasi lake mu 1992 afike ndi adzukulu nkupeza chikwangwani choti lero muli phwando la eni ake. Kudandaula kwake nkomveka. Komanso popanda phwandolo, mawa lake sipakanakhala potenga ndalama yofunditsira nyumba imene iye adzalowamo ulere. Olemera tsiku limodzi akulipirira osauka masiku ena, ndipo luso la oyendetsa bungwe lagona pakudziwa polekezera: maukwati akachuluka, nyumba ya anthu onse yasanduka holo yamalonda; akachepa, dzimbiri lapeza mpata. Nchifukwa chake bungwelo limalengeza pasadakhale masiku ndi maola amene nyumbayo idzakhala yotsegula, kuti wofuna kupita ayambe waona.

Mizinda ina ikulimbana ndi vuto lomweli. Ku Glasgow nyumba ya magalasi yotchedwa Winter Gardens, imene ili kumbuyo kwa People's Palace, inatsekedwa kumapeto kwa 2018 chifukwa cha mantha omwe aja a magalasi ogwa. Ngakhale ku Kew, kumene kuli akatswiri ndi alendo ochuluka olipira pakhomo, nyumba ya akanjedza inakonzedwa m'ma 1950, inakonzedwanso m'ma 1980, ndipo mu 2025 analengeza kuti iyenera kutsekedwa zaka zingapo kuti ikonzedwe kachitatu. Ya ku Liverpool inaikidwa magalasi mu 1950 nkutsekedwa patangopita zaka makumi atatu ndi mphambu zochepa. Chaka cha 2031 idzakwanitsa zaka makumi atatu chitsegulidwirenso.