KUSANKHA BAMPALA NDI ZOPEWERA NGOZI PA GALIMOTO YONYAMULA MBEWU

Alimi anzanga a m'boma la Ntcheu, misika ya mbewu ikatsegulidwa ambiri a inu mumaganiza za galimoto. Ena mwagula pikiapu ndi ndalama za fodya kapena za mbatata ya kachewere, ena mwasonkherana pa kalabu, ndipo ena mumachita hayala. Wogula galimoto yoyenda m'misewu yafumbi kawirikawiri amayamba ndi funso ili: kodi ndiike chitsulo chotani kutsogoloku? Funsoli ndi labwino, koma si loyamba. Bampala imagwira ntchito ngozi itachitika kale. Chimene chimaletsa ngozi ndi galimoto yotha kuima msanga ndi dalaivala woona patali.

Zimene mumakumana nazo pa msewu

Dera lathu lili ndi zovuta zakezake. Ku mapiri a Kirk Range, monga ku Tsangano, kumagwa chifunga m'miyezi ya June ndi July, mwakuti munthu saona patali. Njira zotsikira ku chigwa cha Bwanje zili ndi mitsetse ndi makona. M'midzi ng'ombe ndi mbuzi zimadutsa msewu nthawi ili yonse. Mukalowa mu msewu wa M1 mumapeza misika ya m'mbali mwa msewu monga Lizulu, Tsangano Turn-off ndi Kampepuza, pamene amayi ogulitsa tomato, ana a sukulu, a kabaza ndi ngolo onse amakhala pafupi ndi phula. Tonse tikukumbukira kuti m'chaka cha 2019 lole yonyamula chimanga inalephera kuima pa Kampepuza, ndipo anthu ambiri anafa. Motero posankha zoika pa galimoto musaganize za ng'ombe zokha. Ganizaninso za anthu oyenda pansi.

Mitundu itatu ya bampala

Woyamba ndi bampala imene galimoto inabwera nayo kuchokera ku fakitale. Kunja kwake ndi pulasitiki, koma mkati muli chitsulo chopingasa. Ambiri amainyoza kuti ndi yofewa. Dziwani kuti kufewako ndi kwadala. Kutsogolo kwa galimoto kunapangidwa kuti kuzipindika pa ngozi, kuti mphamvu ya kugundako ithere m'zitsulo zopindikazo isanafike pa chifuwa cha dalaivala kapena pa thupi la munthu wogundidwa.

Wachiwiri ndi kachitsulo kakang'ono koima pakati, kutsogolo kwa redieta. Kamateteza ku tchire, ku nthambi ndi ku kugunda pang'ono pokhota pa shedi. Sikalemera, koma sikangapirire ng'ombe.

Wachitatu ndi chitsulo chachikulu chophimba kutsogolo konse, chimene amachitcha bull bar. Chinatchuka ku Australia, kumene magalimoto amagunda ng'ombe ndi nyama zakuthengo kutali ndi midzi. Ubwino wake ndi woti chimateteza redieta ndi nyali, kotero kuti mukagunda chiweto mukhoza kufikabe kwanu. Zina zimagulitsidwa zopangiratu za mtundu wa galimoto yanu, monga Hilux kapena Land Cruiser. Zina amawotcherera amisiri a pa tauni ndi mapaipi.

Kuipa kwa chitsulo chachikulu

Choyamba ndi kulemera. Bull bar yachitsulo imalemera ngati thumba limodzi kapena awiri a feteleza a makilogalamu 50. Pikiapu zambiri zimaloledwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20, kuwerengera pamodzi dalaivala ndi okwera. Chitsulocho chimadya gawo la katundu wanu pa ulendo uli wonse, ngakhale pobwerera opanda kanthu. Chimalemetsanso masipuling'i ndi mashoko akutsogolo, chimatha matayala, ndipo mafuta amapita ambiri.

Chachiwiri ndi anthu oyenda pansi. Munthu wamkulu akagundidwa ndi bampala ya ku fakitale amagwera pa boneti, imene imapindika. Akagundidwa ndi paipi yachitsulo mphamvu yonse imalowa pa malo amodzi. Paipi yam'mwamba imalingana ndi chiuno kapena mimba ya munthu wamkulu, ndiponso mutu kapena chifuwa cha mwana. Nchifukwa chake maiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2005 lakuti zitsulo zoterezi ziziyesedwa zisanagulitsidwe, ndipo boma la India linaletsa zitsulozi mu December 2017. Ng'ombe ili ndi mtengo wake ndipo mukhoza kulipira. Mwana wa mnzanu alibe mtengo.

Chachitatu ndi inu eni ake. Chitsulo chowotcherera molimba ku chasisi sichipindika, motero mphamvu ya ngozi imadutsa mpaka pa okwera, ndipo chasisi ikhoza kukhota. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi ma airbag, matumba aja ofufuma mwadzidzidzi pa chiwongolero. Tizipangizo touza matumbawo nthawi yofufuma tinayesedwa pamodzi ndi bampala ya ku fakitale. Chitsulo chachilendo chikhoza kuchititsa kuti afufume mochedwa kapena pa nthawi yosayenera.

Tsono musankhe chiti?

Ngati maulendo anu ambiri ndi a pa M1, opita ku msika wa fodya ku Limbe kapena ku Kanengo, kapena kukagulitsa kabichi ku Blantyre, siyani bampala ya ku fakitale monga iliri. Ngati galimoto imagwira ntchito pa esiteti ndi m'tinjira ta m'tchire, kachitsulo kakang'ono kakukwanirani. Ngati mwaona kuti chachikulu ndi chofunikadi, tsatirani malangizo awa.

1. Gulani chopangidwira mtundu wa galimoto yanu, ndipo ngati ili ndi ma airbag funsani ngati chinayesedwa kuti chigwirizane nawo.
2. Chimangidwe ndi mabauti pa malo ake a chasisi. Chisawotchereredwe.
3. Chisakhale ndi nsonga, ngodya zakuthwa kapena ndowe zotulukira kutsogolo.
4. Chisaphimbe nyali, ma indiketa ndi nambala ya galimoto, ndiponso chisatseke mphepo yolowa ku redieta. Galimoto yolemedwa pokwera phiri imatentha msanga.
5. Dziwitsani a inshuwalansi kuti mwasintha kutsogolo kwa galimoto.

Kumbukiraninso kuti bull bar si pomangirira chingwe mukatitimira m'matope. Mangani pa ndowe zokokera zimene zili ku chasisi. Musamange pa kampira kokokera ngolo kumbuyo, pakuti kakathyoka kamauluka ngati mwala wa legeni. Onse oonerera aime patali ndi chingwe.

Chopewera ngozi chachikulu ndi liwiro

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Galimoto yothamanga makilomita 40 pa ola imayenda mamita 11 pa sekondi imodzi. Pa makilomita 80 imayenda mamita 22. Kuchokera pamene maso aona ng'ombe kufikira pamene phazi laponda buleki pamapita sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna umawirikiza kanayi. Pa msewu wa miyala yosakhazikika, wothamanga 40 amaima atayenda mamita oposa 30 pang'ono. Wothamanga 80 amaima atayenda pafupifupi mamita 100, utali wa bwalo la mpira. Mu chifunga cha ku Tsangano, kodi mumaona bwalo lonse la mpira kutsogolo kwanu? Ngati simuona, liwirolo lakuposani.

Mbuzi ikalowa mu msewu, pondani buleki galimoto ili chowongoka. Musakhote mwadzidzidzi, pakuti pikiapu yosanjikiza mabelo kapena matumba pamwamba imagubuduka msanga. Chiweto chimodzi chikadutsa yembekezani chinzake, ndipo pambuyo pake pamabwera kamnyamata kobusa.

Mabuleki, matayala ndi nyali

Ndalama zanu ziyambire apa. Pitani kwa makaniko aone mabuleki onse anayi pamodzi ndi handibuleki nyengo yonyamula mbewu isanayambe. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi, choncho asinthidwe pakapita zaka ziwiri. Potsika mtsetse wautali lowetsani giya yaing'ono musanayambe kutsika, kuti injini ikuthandizeni. Musatsike pa nyutulo pofuna kusunga mafuta. Woponda buleki mtsetse wonse amatenthetsa mabuleki, ndipo pofika kumunsi sagwiranso.

Tayala lotha mano silingaime pa matope ngakhale mabuleki akhale atsopano. Onani mpweya m'mawa matayala asanatenthe. Nyali zonse ziziyaka, makamaka zofiira zakumbuyo, ndipo muzizipukuta fumbi. Mu chifunga yatsani nyali zoyang'ana pansi, chifukwa zazikulu zimabwezera kuwala m'maso mwanu. Nyali za chifunga zoikidwa m'munsi zimathandiza kuposa nyali zambiri pa denga, zimene zimathobwa m'maso anzanu. Hutala, magalasi a m'mbali ndi mawaipa zikhale zabwino. Musayembekezere tsiku lokatenga COF ku Road Traffic kuti mukonze zimenezi.

Zipangizo zamakono

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan ali ndi ABS, imene imaletsa matayala kuuma poponda buleki. Mukamva buleki ikunjenjemera musachotse phazi, ndi mmene imagwirira ntchito. Imakulolani kuwongolera, koma pa mchenga ndi pa miyala galimoto ikhoza kuima patali pang'ono kusiyana ndi mmene mumayembekezera.

Ena atsopano amatha kuchenjeza ndi kudziponda okha buleki akaona chinthu kutsogolo. Kampani ya Toyota inayamba kuika zipangizo zotchedwa Safety Sense mu 2015, ndipo ku European Union magalimoto ang'onoang'ono onse atsopano ayenera kukhala ndi buleki yotere kuyambira July 2024. Maso ake ndi kamera yokhala kuseri kwa galasi lakutsogolo ndi radar yokhala pa mphuno ya galimoto. Matope, fumbi, mvula yamphamvu kapena bull bar yophimba malowo zimaichititsa khungu. Ngati mwagula galimoto yotere, pukutani malo amenewa ndipo musawatseke. Musaidalire kuti iona ng'ombe yakuda usiku.

Chotsika mtengo koma chothandiza kwambiri ndi kabelu kolira pobwerera m'mbuyo, kapena kamera yakumbuyo. Pa shedi ndi pa khomo ana amasewera kuseri kwa galimoto, ndipo katundu akadzaza simungawaone. Ngati mulibe zipangizozi, wothandizira atsike ndi kuima pamene mukumuona pa galasi.

Kwa inu ochita hayala ndi a ngolo

Inu amene mumalima pa maesiteti kapena mulibe galimoto yanuyanu, nkhaniyi ndi yanunso, pakuti mbewu zokwera pa galimotoyo ndi thukuta lanu la chaka chonse. Musakopeke ndi chitsulo chonyezimira kutsogolo. Zungulirani muone matayala ndi nyali, funsani mapepala a inshuwalansi ndi COF, ndipo dalaivala akamanunkha mowa tsitsani katundu wanu. Musalole munthu kukhala pamwamba pa matumba.

Ngolo ikhale ndi zonyezimira zofiira kumbuyo ndi zoyera kutsogolo, ndipo ichoke pa msewu waukulu kusanade. Galimoto ikafa pa msewu ikani matirayango awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, patali ndithu. Mukaika nthambi ndi miyala, zichotseni ponyamuka, chifukwa zotsalazo zimagwetsa a njinga.

Ndondomeko ya kagwiritsidwe ka ndalama

Mukalandira ndalama za mbewu, yambani ndi mabuleki, kenaka matayala, kenaka nyali ndi magalasi, kenaka zothandiza pobwerera m'mbuyo. Bampala ikhale yomaliza, ndipo mwina mudzaona kuti imene ilipo ikukwanira. Kambiranani zimenezi pa msonkhano wa kalabu yanu musanachite hayala chaka chino. Pamene simunamvetse funsani makaniko wodziwa ntchito kapena mlangizi wa m'dera lanu. Paja akulu anati safunsa anadya phula.