Injiniya wa pansi pa mtengo wa mango

Mukafika pa Lunzu n'kufunsa akabaza komwe mungawongoletse rimu yopindika, akulozerani pansi pa mtengo wa mango pomwe ndakhala ndikukonza njinga chiyambire unyamata wanga. Koma musaganize kuti akukutumizani kwa ine. Ine masiku ano ndine womata machubu ndi wolandira ndalama basi. Za marimu zili ndi mwini wake, mwana wa mlongo wanga, wa zaka 12, yemwe akabaza anamupatsa dzina loti Injiniya. Munthu akabwera m'mawa n'kupeza Injiniya ali kusukulu, amangotsamiritsa njinga pamtengo n'kunena kuti, "Tidikira aweruke." Ine ndili pomwepo, imvi mbuu, sipanala ili m'manja!

Mwana ameneyu ndi yemwe uja tinkamutsekera kuchipinda alendo akabwera.

Anabadwa wonenepa bwino, anakwawa, anayenda pa nthawi yake. Koma atakwanitsa zaka ziwiri, anzake akuti "amama", iye anali zii. Kumuitana dzina kunali ngati ukuitana chitsa. Tinayamba kuganiza kuti samva, koma wina akangong'amba pepala la bisiketi kuseri kwa nyumba, uyo watulukira. Sankayang'ana munthu m'maso. Ndege ikamadutsa, ana onse akuloza kumwamba, iye ankangoyang'ana zala zake. Akafuna madzi ankagwira dzanja la mayi ake n'kulikokera pandowa, ngati dzanjalo ndi chikho. Zitsekerero za mabotolo ankazindandalika mzere kuchokera pakhomo mpaka pankhokwe, ndipo nkhuku ikangopalasa chimodzi, mudzi wonse unkadziwa kuti kwathu kwagwa zovuta. Chigayo chikalira, ankatseka makutu, kudzigwetsa pansi, kudziluma dzanja mpaka magazi.

Madokotala a m'mudzi ndiye sanachedwe. Ena ankati mayi ake analumpha mankhwala ali oyembekezera. Ena ankati ndi jakisoni wa kusikelo. Ena, ndipo awa ndiwo anali ambiri, ankati ine ndinamukhwimira kuti malonda anga aziyenda. Tangoganizani, anthuni: munthu kukhwimira mwana wa mlongo wake, chuma chake n'kukhala mpope umodzi, masipanala anayi ndi beseni la dzimbiri loyeseramo machubu! Lero ndimaseka, koma nthawi imeneyo ndinasiya kupita kumaliro a m'mudzi chifukwa cha maso a anthu. Alamu anga anakwera basi ya ku Joni, nanena kuti akukasaka ndalama za mankhwala. Mpaka lero akusakabe.

Mwini mbumba ndine, choncho ndinachita zomwe mwini mbumba amachita. Mbuzi zitatu zinathera kwa asing'anga, mwana n'kubwerako ndi mphini pachifuwa. Tinakagona naye kuphiri usiku wozizira tikupemphera, anthu akukuwa m'makutu mwa mwana yemwe phokoso limamupweteka ngati singano. Ndipo ine, ndinene poyera, ndinamukwapulapo kangapo, ndikumati ndi mwano. Kusukulu ina anakhalako sabata imodzi, mlongo wanga n'kuuzidwa kuti, "Mudzabwere naye akadzayamba kulankhula."

Zinthu zinatembenukira pa malungo. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anatentha thupi, mayi ake n'kupita naye kuchipatala chaching'ono. Namwino wina anaona m'mene ankakupizira manja ali pamzere, nafunsa mafunso omwe palibe anali atafunsapo: amaloza zinthu? amasewera za ana ndi anzake? akasintha njira yopita kumsika amatani? Kenako analemba kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko anayamba ndi kumuyeza makutu, napeza kuti amamva kuposa ine. Atamuona kangapo, dokotala anatchula mawu omwe tonse tinali tisanawamvepo: autism.

Anatifotokozera mosathamanga. Si misala, si ufiti, si tchimo la mayi. Ndi mmene ubongo wa munthu umakulira, ndipo mwana amabadwa nazo. Zambiri zimayenda m'magazi a makolo. Katemera sayambitsa zimenezi, ndipo dokotala wa ku Britain amene anafalitsa mphekesera imeneyo mu 1998 analandidwa chilolezo chogwira ntchito mu 2010. Anyamata amapezeka nazo kwambiri kuposa atsikana. Bungwe la WHO linkayerekeza kuti mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 100 ali ndi autism. Ndinawerengera mumtima ana a pasukulu ya pulayimale imodzi yokha ya kwathu kuno, ndipo ndinadzifunsa kuti enawo atsekeredwa m'zipinda zingati. Piritsi lochotsa autism kulibe, anatero dokotala, ndipo aliyense wokugulitsani botolo lake akufuna mbuzi yanu yachinayi. Za mbuzizo ndinali nditamuuza ndekha, ndiye anadziwa pondibaya.

Mlongo wanga analira njira yonse mu minibasi. Nditati ndimutonthoze, anati, "Achimwene, sindikulira chisoni ayi. Ndiye kuti si ine ndinalakwa?"

Amene anatigwira dzanja kwenikweni ndi aphunzitsi ena aakazi, omwe anaphunzira za ana ofunika thandizo lapadera ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Ine ndinkayembekezera kuti ayamba ndi mwana. Anayamba ndi ife. Anatipatsa kope la masamba 40, nati nthawi iliyonse mwana akadzigwetsa pansi tizilemba chomwe chachitika kutangotsala pang'ono. Patatha masabata awiri tinakhala pamkeka n'kuwerenga, ndipo mfiti zonse zinagwidwa tsiku lomwelo, popanda wolipira mbuzi. Zinalipo zinayi. Yoyamba chigayo. Yachiwiri juzi laubweya lomwe ankamuveka m'mawa, lomwe kwa iye linali ngati chitedze. Yachitatu kusintha zinthu mosamuchenjeza, monga kudzera njira ina kapena kumupatsa mbale ina. Yachinayi inalembedwa kasanu ndi kawiri ndi dzanja la mlongo wanga: "Amalume ake anakuwa." Anthu a m'mudzi aja sananame kwenikweni, anangophonya mtundu wa ufiti wanga.

Juzi tinapatsa mwana wa aneba. Pa kaunjika ku Limbe ndinapeza zotsekera m'makutu zomwe amavala ogwira ntchito pa makina aphokoso, ndipo tsiku lomwe anazivala anadutsa pachigayo ngati bwana wa chigayocho. Ine ndinaphunzira kulankhula motsitsa, mawu awiri kapena atatu, kenako n'kudikira. Kudikirako ndiye kunandivuta, poti ife timafunsa mwana funso lachiwiri loyamba lisanafike n'komwe.

Kenako kunabwera makadi. Tinadula katoni ya sopo, aphunzitsi n'kujambulapo kapu, nsima, chimbudzi, mphasa ndi njinga. Lamulo linali loti akafuna chinthu apereke khadi m'manja mwa munthu, ndipo munthuyo apereke chinthucho pompopompo uku akuchitchula. Njira imeneyi inayambira ku America mu 1985, koma katoni ya sopo inaigwira bwino lomwe. Masabata atatu oyamba ankangotafuna makadiwo. Tsiku lina madzulo, tikuotha moto, anadzuka, nakatenga khadi la kapu, naliika pa chikhatho cha agogo ake. Agogo anayang'ana khadi, anayang'ana mwana, kenako nthungululu! Aneba anathamanga akuyesa kwabwera mkwatibwi. Madzi enieniwo tinachita kukumbutsana, mwana ali chiimire akudikira.

Aphunzitsi aja ndi amenenso anandiuza za Donald Triplett wa ku Forest, m'chigawo cha Mississippi, mwana woyamba mwa ana 11 omwe dokotala Leo Kanner anawalemba mu 1943 pofotokoza autism. Naye ankakonda kuzunguliza zinthu, ndipo ali wamng'ono anakamusiya kumalo osungirako ana, makolo ake n'kudzasintha maganizo, kukamutenganso. Anakula pakati pa anthu a kwawo, anagwira ntchito kubanki, ankayendetsa galimoto, anayenda maiko ambiri, ndipo anadzamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Aphunzitsiwo ananditchulira nkhaniyi chifukwa ndinadandaula kuti mwana akabwera pamango amangokhalira kuzunguliza wilo la njinga yogadamika, ola lathunthu, ine n'kumamuthamangitsa. Iwo anati, "Amalume, musiyeni. Mukhale naye pansi, muzungulize naye."

Ndinakhala pansi, bambo wamkulu, akabaza akundiseka. Tinazunguliza mawilo mwezi wathunthu. Tsiku lina wilo lomwe ndinali nditamaliza kuwongola likuzungulira, iye analigwira n'kuika chala pamalo amodzi. Ndinalizungulizanso, analiimitsanso pomwepo. Nditayang'anitsitsa, rimu inkakhudza buleki pang'ono zedi, mwina ngati kukhuthala kwa chikhadabo. Maso anga anaphonya, ake ayi. Ndinamupatsa kiyi wa masipoko.

Musaganize kuti anadzuka m'mawa ali katswiri. Zinatenga zaka ziwiri, ndipo masipoko amene anathyola ndikanamangira khola la nkhunda. Wilo la njinga zathuzi limakhala ndi masipoko 36, theka akukokera kumanja, theka kumanzere, ndipo kuwongola ndi kumanga mbali iyi pang'ono, kumasula inayo pang'ono, mobwerezabwereza mpaka wilo litayenda chilili. Ine ndimatopa nazo, n'kunena kuti bola likuyenda. Iye kubwereza ndiye chakudya chake. Amavula zotsekera m'makutu zija, n'kumakhwabula sipoko iliyonse ndi chala ngati akuimba bangwe, khutu lili pafupi. Yolira mosiyana ndi zinzake, imeneyo ndiyo yapalamula.

Pamsonkhano wa makolo womwe timakumana kusukulu kwake ndimasamala pokamba za marimuzi, chifukwa si mwana aliyense wa autism ali ndi luso loti anthu aziombera m'manja, ndipo safunika kukhala nalo kuti akondedwe. Pali mtsikana wina wa zaka 15 yemwe salankhula mpaka lero. Tsiku lomwe mayi ake anatiuza kuti wayamba kusamba yekha, tinavina mofanana ndi mmene tinavinira khadi la kapu. Naye Injiniya autism sinachoke. Nsima ikakhudzana ndi ndiwo sadya. Kuukwati timakhala naye kumapeto, kutali ndi zokuzira mawu, ndipo masiku ena oipa amabwerabe. Koma mayi ake amagona tulo, anayambiranso geni yawo ya tomato, ndipo chitseko cha kuchipinda chija chinasiya kutsekedwa. Agogo ake, omwe anali patsogolo kutilondolera kwa asing'anga, pano ndiwo mphunzitsi wa pamjigo. Pa 2 Epulo, tsiku lomwe bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2007 kuti dziko lizikumbukira za autism, amavala chitenje chabuluu n'kumauza aliyense wofuna ndi wosafuna kuti, "Mdzukulu wanga sanalodzedwe, ali ndi otizimu, kafunseni ku Kwinzi!"

Mawu anabwera ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo anabwera mwa njira yake. Ana ambiri a autism amayamba ndi kubwereza zomwe amva, liwu ndi kamvekedwe komwe. Tonse tinkadikira "amama". Koma tsiku lina wakabaza wina atafika ndi njinga, mwana anadzutsa mutu nanena ndi mawu anga enieni, okhuthala bwino: "Mubwere mawa, bwana, zipangizo zavuta." Mlongo wanga anakhala pansi ndi kuseka, misozi ili mbwembwembwe, ndipo "amama" wake anadzamumva patapita miyezi ina iwiri.

Pano amalankhula ziganizo zake zazifupi, ndipo vuto latsopano ndi loti bodza salidziwa. Sabata yatha kasitomala wina anandifunsa ngati chubu chomwe ndamuikira chili chatsopano. Ine ndinayamba kukonza kukhosi, monga amachitira amisiri. Injiniya, osadzutsa n'komwe mutu pa wilo lake, anati, "Chakale. Zigamba zitatu. Amalume apukuta ndi girizi."

Akabaza anagwa nazo pansi. Ndalama ndinabweza theka, ndipo kasitomalayo anatenga yonseyo n'kupatsa Injiniya kuti akagule bisiketi.