Mwala wa ku Chongoni udzakhalapo, nanga tepi ya gule?

Zojambula za pa miyala ya ku Chongoni zapirira mvula, mphepo ndi chifunga cha ku Dedza kwa zaka mazanamazana. Munthu akakwera lero ku Chentcherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi amazionabe ndi maso ake, zofiira zimene anasiya Akafula ndi zoyera zimene Achewa anajambula pa nkhani za chinamwali ndi nyau. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali, lomwe lili ndi malo 127 a zojambulazi, m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Koma kaseti ya vidiyo imene wina anajambula pa maliro a mfumu m'ma 1990, m'mudzi wa m'munsi mwa mapiri omwewo, mwina lero singaonetse kanthu. Pa zinthu zonse zosunga chikhalidwe chathu, zimene zabwera posachedwa ndi zomwe zikufa msanga, ndipo anthu odziwa kuzipulumutsa ndi ochepa. Anthu amenewa tiyenera kuwaphunzitsa tokha, ndipo Dedza ndi malo oyenera kuyambirapo.

Kumaiko a kunja, nyumba zosungiramo zaluso monga Tate ku London ndi Guggenheim ku New York zinazindikira kalekale kuti pali luso lina lomwe silingapachikidwe pakhoma n'kungolisiya. Filimu, vidiyo, mawu ojambulidwa ndi zopangidwa pa kompyuta zimafuna nthawi kuti zioneke: zimayamba, zimayenda, zimatha, ndipo popanda makina oziseweretsa ndiye kuti palibe. Zaluso za Nam June Paik, amene ankagwiritsa ntchito mawailesi akanema akale aja a chimsana, zinawapatsa akatswiri funso lovuta: wailesiyo ikafa, nanga lusolo lafanso? Pofuna kuyankha mafunso otere panabadwa ntchito yapadera, ndipo mu 2018 New York University inayamba kuphunzitsa ophunzira ake kasamalidwe ka luso la mtundu umenewu. Chachikulu m'maphunziro otere n'chakuti wophunzira amatumizidwa ku nyumba yosungiramo zaluso kukagwira tepi yeniyeni ndi manja ake, pafupi ndi munthu amene anaigwira kale. Wina anganene kuti zimenezi n'za azungu. Koma Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha mtundu wa anthu onse, naye amayamba, amayenda, amatha. Mbalule ikaleka kulira, chimene chatsala pabwalo ndi fumbi.

Ku Mua, kumunsi kwa mapiri cha ku Mtakataka, kuli umboni wabwino wa mfundoyi. Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a Kungoni mu 1976 pa mishoni imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902, ndipo m'nyumba ya Chamare muli nkhope za gule zoposa 400. Ndi ntchito yaikulu, yosowa inzake m'dziko muno. Komabe nkhope ya Chadzunda ili phee pakhoma siikuuzani mmene Chadzunda amayendera polowa m'bwalo, mmene amayi amayankhira nyimbo, kapena mmene wa mbalule amatsatira phazi la chilombo. Izi zimasungika m'mitu ya anthu ndi m'zojambulidwa basi. N'chifukwa chake buku la Bambo Boucher la mu 2012, When Animals Sing and Spirits Dance, silinangolongosola maonekedwe a zilombo koma linalembanso nyimbo zake ndi tanthauzo lake. Mtengo wosemedwa ukatetezedwa ku chiswe ndi anankafumbwe ukhoza kukhala zaka zambirimbiri. Tepi yosonyeza kavinidwe kake ilibe moyo wautali chotero.

Chimene chimaipha tepi ndi madzi a mumpweya. Tepi ndi lamba wopyapyala wa pulasitiki, wopakidwa tiufa ta chitsulo tomwe timasunga mawu ndi zithunzi mwa mphamvu ya maginito. Tiufato timagwidwa ndi guluu wapadera. Chinyezi chikamalowa pang'onopang'ono chimaphwanya guluuyo, tepi n'kuyamba kunata ngati ulimbo. Mukaiika mudeki imalira, imakakamira, ndipo tiufa tija timakanuka n'kutsalira pa makina. Chimene chakanukacho ndi nyimbo yeniyeniyo, ndipo sichibwereranso. Chinyezi chikamakhalitsa pamwamba pa 65 peresenti, chuku naye amamera m'mbali mwa tepi, ndipo kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Apa Dedza ali ndi mwayi komanso tsoka. Kuzizira kwa pa boma, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, n'kwabwino kwa tepi, koma mvula ya Novembala mpaka Epulo ndi chifunga cha m'mapiri zimanyowetsa zipupa ndi makatoni. Kumunsi ku Mua ndi kunyanja vuto ndi kutentha. Akatswiri ali nayo njira yotsitsimutsira tepi yonata: amaiika m'chipangizo chofunditsa pa madigiri pafupifupi 50 kwa maola ambiri kuti madzi achoke. Imakhala bwino kwa kanthawi kochepa kokwanira kuikopera, kenako imabwerera mwakale. Si ntchito yoyesera pa mbaula kapena padzuwa, chifukwa mitundu ina ya tepi ikafunditsidwa imatheratu.

Ngakhale tepi itakhala yamoyo, ioneka pa chiyani? Kampani ya Funai ya ku Japan, yomwe inali yomaliza kupanga madeki a VHS, inasiya mu 2016. Mitu yowerengera tepi siikupangidwanso, ndipo amisiri amene ankakonza madeki m'misika yathu anatembenukira ku mafoni. Mu 2015 nyumba yosunga mafilimu ndi mawu ya dziko la Australia inachenjeza kuti matepi amene sadzakhala atakoperedwa pofika 2025 ambiri adzatayika. Kukopera pa kompyuta nako si mapeto. CD ndi DVD zowotcha zimafufuma, fulashi imaiwala ikakhalitsa osailumikiza, hard drive imafa osatsanzika, makamaka kuno kumene magetsi amathimathima. Lamulo la akatswiri n'lakuti fayilo iliyonse ikhale m'makope atatu, imodzi isungidwe kutali ndi zinzake, ndipo pakhale munthu woziyendera pogwiritsa ntchito chidindo cha manambala chimene kompyuta imawerengera fayilo iliyonse, chomwe chimasintha fayiloyo ikangoonongeka ngakhale pang'ono. Kuti khama lotere limapindula tikuona pa nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula ku Nyasaland m'ma 1950: zikumvekabe lero chifukwa International Library of African Music ku Rhodes University, ku South Africa, inali ndi anthu ozisamutsa kuchoka pa chipangizo chakale kupita pa chatsopano.

Ntchito imeneyi imafuna manja ambiri ndi mtima wodekha kuposa mmene imafunira makina odula. Tepi ya ola limodzi imakoperedwa ola lathunthu, munthu ali pomwepo akumvetsera. Isanafike pamenepo, wina ayenera kuiwerenga, kuiona ngati ili ndi chuku, kuilemba nambala. Ikakoperedwa, wina ayenera kupita nayo kumudzi kukafunsa akuluakulu kuti chilombo ichi ndi chiti, mwambo unali wa chiyani, woimbayu anali yani. Vidiyo yopanda mayina ndi theka la chuma. Tili ndi achinyamata amene chaka ndi chaka amasakasaka malo a atachimenti: a ku Bingu School of Culture and Heritage ya MUST ku Thyolo, a zaluso ku University of Malawi ku Zomba, a zosunga mabuku ndi uthenga ku Mzuzu University. Wophunzira wolankhula Chichewa cha kwa Kaphuka kapena kwa Kasumbu angamve m'nyimbo ya gule zimene katswiri wochokera ku London sangamve ngakhale atabwera ndi makina abwino chotani. Akatswiri akunja amabwera milungu ingapo n'kupita, pamene fayilo imafuna woiyang'anira kwa zaka makumi.

Nkhawa yoti wophunzira akhoza kuononga tepi yomwe ilibe inzake ndi yoona, ndipo siyenera kupeputsidwa. Yankho lake ndi dongosolo: miyezi yoyamba agwire kaundula ndi matepi opanda ntchito, ndipo tepi yodwala aigwire pamaso pa mphunzitsi wake. Aphunzitsiwo alipo, ngakhale ndi ochepa, pakati pa amene anakopera matepi akale a nyimbo ku MBC ndi amene amagwira ntchito ku National Archives ku Zomba. Ena amati masiku ano aliyense amajambula gule pa foni n'kuponya pa Facebook ndi YouTube, ndiye vuto lili pati? Makampani amenewa sanalonjeze aliyense kuti adzasunga chuma cha Achewa. Amachepetsa ubwino wa chithunzi, amatseka maakaunti, ndipo tizidutswa ta mphindi imodzi sitinena mudzi, chaka kapena mwambo.

Chotsutsa cholemera kwambiri chimachokera kwa eni gule. Gule ali ndi zinsinsi zake, ndipo za kudambwe si za aliyense. Kodi wophunzira amene sanagule njira aziona zonse zili pa tepi, n'kuzikopera pa kompyuta imene mawa wina adzailumikiza ku intaneti? Funsoli ndi lachilungamo, ndipo amene angalinyoze sayenera kukhudza tepi ya gule. Koma taonani kuti kaseti yongokhala m'katoni, yopanda chizindikiro, ndi imene ili pangozi yogwera m'manja mwa aliyense. Kusunga mwaukatswiri kumaphatikizapo kulemba kuti ichi n'cha pabwalo, aliyense aone, ichi n'cha ometa okha, ichi n'cha anamkungwi ndi amayi a chinamwali. Ogamula zimenezi akhale mafumu, akuluakulu a dambwe ndi a Chewa Heritage Foundation, osati wophunzira kapena mphunzitsi wake. Pakati pa ophunzira pasankhidwe ometa ndi atsikana omwe, kuti chilichonse chigwiridwe ndi woyenera. Ndipo amene amati gule ndi wamoyo, safuna tepi, akumbukire kuti gule amasintha: zilombo zatsopano zimabadwa, zina zimaleka kutuluka, ndipo nyimbo imene inaimbidwa m'ma 1980 mwina woikumbukira watsala mmodzi.

Za ndalama tisanamizane, zikufunika, koma si za nyumba yosanja. Chipinda chouma, madeki angapo abwino, kompyuta, magetsi a dzuwa ndi kandalama koti wophunzira adye ndi kugona ndi zokwanira poyambira. Dipatimenti yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala ikhale pansi ndi mayunivesite, a Kungoni ndi mafumu a ku Dedza, agwirizane zotumiza ophunzira chaka chilichonse madeki asanatheretu. Inu amene muli ndi kaseti ya gule, ya chinamwali, ya ngoma kapena ya kwaya kunyumba, musaiyese mudeki yakale kuti muone ngati ikugwira. Ichotseni pansi ndi pafupi ndi chipupa, muiimike chilili m'bokosi lake pamalo ouma, ndipo mulembe papepala mudzi, chaka ndi mwambo wake akuluakulu odziwa akadali moyo.